Manong'onong'o a Che Swaibu

Ku Ntaja palibe amene sankadziwa kuti malemu Che Swaibu sankatuma uthenga molunjika. Akafuna mchere kwa mlongo wawo Asiya, nyumba zoyang'anana, ankanong'oneza Willard wakabaza, Willard n'kukauza mayi wa tomato ku Ulongwe, mayiyo n'kuuza kondakitala. Mchere unkafika ndiwo zitadyedwa kale. Aliyense ankangodziwa amene wamuuza ndi amene akamuuze, basi.

"Achimwene, osangoimba foni bwanji?" ankatero Asiya.

"Iyayi! Ngakhale anthu asamve zimene wakamba, amadziwa kuti waimbira ndani, liti, uli pati. Chopha munthu n'chimenecho."

Foni yawo inkagona m'chitini cha mkaka, yozimitsa. Tsiku la msika ankanong'oneza aliyense, ngakhale gonthi wogulitsa makala: "Mbuzi ili ndi miyendo inayi." Ati n'cholinga choti woonerera asadziwe kuti uthenga weniweni wapita kwa yani. Anthu ankaseka mpaka nthiti kuwawa, Asiya kuposa onse.

Asiya kuseka kunamuthera pamene mwana wake Zulfa anathawa kwa mwamuna wake Zubairu, amene anamuthyola mkono n'kulumbira kuti akadzamupeza adzamumaliza. Che Swaibu anamuzembetsa m'njira yawo yomwe ija. Komwe anakafikira ngakhale mayi ake sanauzidwe. Moni ankangobwera pakamwa pa Willard.

Kenaka Che Swaibu anatisiya. Pa sadaka yawo, Asiya anaona Zubairu ali khale pansi pa mango, mpunga osaukhudza, maso ali pa iye. Mantha anamugwira. Zulfa akangomva za imfa ya amalume ake, abwera ndithu, ndipo wonyamula mawu omuletsa anali Willard yekha, ali potero. Koma kungomuyandikira, Zubairu aitsata njinga ija mpaka kukafika.

Asiya anadzuka. Ananong'oneza ophika za mbuzi ija, ananong'oneza shehe, gonthi wamakala uja, koma Willard yekha pakati pawo anamuuza kuti: "Asabwere." Anapitiriza ndi ena onse mpaka anafika pa Zubairu mwini wake, nawerama.

"Mbuzi ili ndi miyendo inayi."

"Mayiwa ayamba misala ya achimwene awo," anatero Zubairu, n'kusasa fumbi, ulendo.

Lero msika wa Ntaja ndi phokoso lokhalokha, aliyense akukuwa pafoni komwe ali ndi komwe akupita. Che Swaibu tikuwasowa. Wonong'ona watsala mmodzi, ndipo akamadutsa anthu amagwirana m'mapewa n'kumaseka. Asiya amangowasiya. Manda a amalume ake Zulfa sanawaone, koma moni wake akubwerabe.