Tsiku Limene Ndinawotcha Pulomoshoni ya Misozi

Malemu amuna anga ankakonda kundichenjeza: "Iwe mkazi, ngakhale mngelo atagogoda pageti, ungayambe wamufunsa reji, chitupa chake cha boma. Tsiku lina udzathamangitsa mwayi ndi tsache." Ine ndinkangowayankha kuti inu mumakhulupirira aliyense, n'chifukwa chake njinga yanu inapita ndi munthu amene munamupatsa madzi akumwa. Akanakhala moyo lero, bwenzi akuseka mpaka kutsokomola. Koma analakwitsa pang'ono. Sindinagwire tsache, ndinagwira botolo la parafini.

Mdzukulu wanga Misozi ndamulera ndekha kuno ku Kabwata kuyambira pamene amayi ake anatisiya. Amagwira ntchito mu ofesi yogula zinthu ya bungwe lina m'tauni (dzina sinditchula, inu sindikudziwani). Anayambira kosungira katundu, kunyamula makatoni fumbi lili m'mphuno, kwinaku akupita kusukulu Loweruka mpaka anatenga dipuloma yake. Kenako anamukweza kukhala wogula, womafunsa mitengo kwa masapulaya, anthu amalonda amene amagulitsa zinthu ku bungwelo. Chaka chino mpando wa mkulu wa ogula unali wopanda munthu, ndipo aliyense ankati ndi wa Misozi. Ine mtima sunakhale pansi, chifukwa ndinali nditamuona mnzake wa mu ofesi, Ba Mutale, pa kichini pati, phwando la mkwatibwi, ku Chelstone. Mkazi woseka mano onse panja, wondipatsa moni ndi manja awiri. Munthu wofuna mpando womwewo angakusekerere choncho popanda chifukwa?

Ndiye Misozi anamuika mu komiti yosankha wopambana tenda ya mayunifomu ndi majombo a antchito. Pa ntchito imeneyi amawatengera ku loji kunja kwa tauni n'kuwalanda mafoni kuti wina asawanong'oneze. Ananyamuka Lolemba. Lachinayi ine ndinapita ku chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo pobwera ndinapeza aneba anga a ku Luapula, Bana Mwape, ataima pakhomo panga ndi dengu lalikulu ngati bafa la mwana, lokulungidwa m'pulasitiki yonyezimira, lomangidwa ndi riboni yofiira.

"Ba mbuya, mwawina! Yabwela na motoka, ati ni ya ba Misozi. Nasaina ine."

"Wabweretsa ndani?"

"Kaya, mwamuna chabe wa tayi. Ati ni hampa. Tiyeni tiseguleko, maso yanga yamvela njala."

Riboni yofiira. Pakhomo pa mwana amene akudikira mpando. Sabata imene mwini wake kulibe. Inu mukanaganiza chiyani?

Ndinavala mapulasitiki m'manja n'kukokera dengulo kuseri kwa nyumba. Zimene ndinapezamo zinandiimitsa tsitsi. Kandulo yakuda yonunkhira ngati maliro a anthu olemera. Kapaketi ka masamba ouma osadziwika mtengo wake. Botolo la timipira takuda m'madzi amchere, ngati manyi a mbuzi. Ndiye panali chinthu choyera cha mizere yobiriwira, chonunkha ngati sokosi ya kondakitala (Misozi akuti ndi tchizi yodula ya ku Kabulonga kwa olemera, anthu a ku Kabulonga Mulungu awachitire chifundo). Kakhadi ka zilembo zagolide kanalimo, inde, koma mfiti nayonso imadziwa kumene amagulitsa makhadi.

Musaganize kuti ndimaweruza popanda umboni. Ndinaitana Denja, galu wa Bana Mwape, amene anandidyerapo sopo wochapira wathunthu, n'kumuponyera kampira kamodzi. Ananunkhiza, anayetsemula, n'kutembenuka ulendo.

"Mwaona?"

"Awe ba mbuya, ni maolivi ayo! Nipaseniko chabe waini na mabisiketi, vinangu muchite vamene mufuna."

"Ndikupatseni kuti mawa mudzuke mimba itatupa, abale anu adzati ndakulodzani ndine?"

Ndinawaza mchere, ndinapemphera, ndinathira parafini. Udzu wouma umene anayala pansi pa dengu sindinaufufuze, ndinangoti uthandiza moto. Unathandizadi. Botolo lina la mowa waukali linaphulika, lawi linalumpha n'kunditenga nsidze zonse ziwiri pamodzi ndi mbali ya duku. Chitenje cha Bana Mwape chimene chinali pachingwe chinabooka pakati penipeni. Kenako pansi pa udzu paja panamveka kuti phuu, n'kutuluka utsi wa mtundu umene sindinauonepo. Ndinawomba m'manja. Ndinati chatuluka chimene anatumiza.

Loweruka Misozi anafika atatopa, ine n'kumufotokozera zonse chifuwa chili patsogolo, ndikudikira kuthokozedwa. Anayang'ana pamene panali nsidze zanga. Anapita kuseri n'kuyamba kutokosa phulusa ndi kamtengo. Anatulutsa kachidutswa ka khadi kokhala ndi theka la dzina la kampani, kenako chinthu chakuda chopindika ngati nsomba youma. Inali foni yatsopano, ya mtundu uja amatsekera m'galasi kusitolo. Mwana anakhala pansi padothi.

"Ambuya, mwanipaya."

"Ndakupulumutsa, iwe."

"Aba ni ba sapulaya bamene baluza tenda. Mphaso ikabwela, nifunika kuilembesa ku ofesi na kuibweza yosasegula. Manje nizabweza chani? Bana Mwape banasaina. Pa pepa, ine nalandila foni."

"Ukawauze kuti ndawotcha ine."

"Ambuya, aliyense wamene anadya nichekeleko ali na ambuya bake bamene banaocha vintu."

Nichekeleko ndi chiphuphu, ndipo ananena zoona, chifukwa ngakhale ine munthu wotero sindikanamukhulupirira. Ndipo wa tayi uja, amene anali mwini kampaniyo, popsa mtima kuti tenda yamudutsa, anali atakadandaula kale ku bungwe kuti Misozi anachita kumupempha foniyo. Mwana anaitanidwa kukaonekera ku komiti yofufuza za ziphuphu, mwezi womwewo umene mabwana amakhala pansi kukambirana za mpando uja.

Tsiku la mlandu Misozi atangotuluka, ndinasesa phulusa lonse, magalasi ndi mabwinja a dengu, n'kuthira m'thumba la ufa. Ndinavala yunifomu yanga ya chigwirizano kuti andione kuti ndine mayi wopemphera, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Kondakitala anafuna kuika thumbalo kumbuyo, ndinakana, ndinalikumbatira pamiyendo njira yonse. Umboni sausiya ndi kondakitala.

Pageti la bungwe ndinapeza mlonda.

"Ba mbuya, muli chani mu saka?"

"Phulusa."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Mufuna ndani?"

"Mundionetse kaye pamene amakhala Ba Mutale, kenako ofesi ya bwana wamkulu."

Ine ndinkangofuna kuona nkhope ya mkaziyo akaliona thumbalo. Koma tangoganizani mmene zinaonekera: nkhalamba yopanda nsidze, yonunkha utsi, yakumbatira thumba la phulusa, ikufunsa mpando wa munthu. Mlonda analowa m'kanyumba kake n'kudzitsekera. Mayi wina wokolopa anaponya mopu pansi n'kuyamba kudzudzula ziwanda mokweza. Mawindo anadzaza mitu, mafoni ali m'mwamba kundijambula, ndipo mnyamata wina wamwano anafuula kuti ndege ya ambuya yathera mafuta m'tauni. Ine! Munthu amene ndakhala moyo wanga wonse ndikulondera anthu oipa, ndine amene anandiyesa mfiti, masana dzuwa likuswa mtengo.

Amene anandipulumutsa mukumudziwa kale. Ba Mutale anatsika masitepe akuthamanga, mano onse panja.

"Awe imwe, aba ni ambuya ba Misozi! Tiyeni mayo, musabamvele aba."

Anandigwira ndi manja awiri aja mpaka m'chipinda cha komiti. Misozi atandiona anatseka maso ngati akupempherera chakudya. Ine sindinadikire kupatsidwa mpando, ndinakhuthula thumba patebulo lawo lonyezimira. Wapampando, bambo wadazi wa magalasi, anayamba watsokomola, kenako anatokosa foni ija ndi bolopeni.

"Amayi, n'chifukwa chiyani munawotcha zinthu za eni ake?"

"Denja anakana."

"Denja ndi ndani? Ndi wa mu ofesi muno?"

"Ndi galu. Koma sanayambe wandinamizapo."

Mayi amene ankalemba zokambirana anagwetsa mutu patebulo, mapewa akugwedezeka. Anaimbira foni Bana Mwape n'kuika pokweza kuti tonse timve. Iwo anachitira umboni bwino ndithu, kuti Misozi kunalibe ndipo dengu sanaligwire n'chala chomwe, koma anamaliza ndi kufunsa ngati bungwe lingawalipire chitenje chawo.

Misozi anamupeza wosalakwa, ndipo wa tayi uja anamuchotsa pa masapulaya awo. Koma nkhani za m'maofesi zimayenda ngati nkhono. Akanabweza dengu losatsegula, bwenzi nkhani itatha m'mawa umodzi. Phulusa linafuna lipoti, lipotilo linafuna lipoti linzake, ndipo mabwana atakhala pansi kukambirana za mpando, fayilo ya Misozi inali isanatsekedwe. Munthu wa fayilo yotsegula samukweza. Mpando anapatsa Ba Mutale.

Mwana wanga sanandikalipire, ndipo chimenecho ndicho chikundipweteka. Anangoti, "Osadandaula ambuya, winangu uzabwela," n'kundigulira kapensulo kojambulira nsidze. Wayambanso kosi ina ya Loweruka, akuti ikamuthandiza pa mpando wotsatira. Amachoka m'mamawa, akabwera amadya mwakachetechete, ndipo ku ofesi akuti amamuitana kuti mdzukulu wa ambuya a phulusa.

Ndaphunzirapo, sindikana. Chinthu chachilendo chikafika pakhomo sindidzawotchanso, ndidzachitsekera m'chimbudzi chakunja mpaka mwini wake abwere. Komabe inu amene mumadziwa kuwerenga, tandiuzani: dengu linabwera, mpando unapita, ndipo wakhalapo ndani? Ine sindikunena kanthu. Misozi akuti Ba Mutale amandipatsa moni tsiku lililonse, ndipo akufuna kudzandichezera. Ndamuuza kuti ndimakhala ndili kutchalitchi.

Choncho masiku ano nyumba yangoti zii. Bana Mwape sandiyankha moni mpaka chitenje chitapezeka, ndipo Denja yemwe amandilambalala. Mukadutsa ku Kabwata mudzandioneko, nkhalamba imafa ndi kusowa woyankhula naye. Mubwere masana, muime pamene ndingakuoneni bwino pawindo. Tiyi ndidzakuphikirani. Shuga musabweretse, ndili naye wanga.