Mpando wa ku Nkhudzi

Lolemba

Basi, zakwana. Sabata ino ndilankhula ndi a Bwana.

Chino ndi chaka chachiwiri ndili pa bungwe lathuli, lothandiza amayi oyanika usipa, ndipo ntchito yanga ndi iti? Kulowetsa manambala mu kompyuta. Kusolola pepala likakakamira mu pirinta. Kuthandiza a Bwana foni yawo ikaiwala pasiwedi (foni siiwala, amaiwala ndi eni akewo, koma ndinganene?). Digiri yonse ija! Amayi anapindika msana m'munda wa fodya ku Namwera kuti ine ndidzakhale dokotala wa pirinta?

Tsono ku Nkhudzi tikutsegula ofesi yatsopano, pafupi ndi asodzi enieniwo, ndipo pakufunika woiyang'anira. A Bwana Saidi atchula dzina Lachisanu. Dzinalo likhale langa. Njinga yamoto, chidindo, kiyi wangawanga. Asiyatu, amene tinayamba naye ntchito tsiku limodzi, ndikumuona kuti nayenso mpandowu akuufuna, koma njira yake ndi kumwetulira n'kumadikira. Ine ayi. Ndaonera pa foni mayi wina wa kunja akufotokoza bwinobwino: usadikire kuti akuone, pita wekha kwa mkulu wako, ukamuuze kumene ukufuna kukafika.

Dongosolo:
- kuvala tayi, aone kuti ndine munthu wa udindo
- kupempha kukumana awiriwiri, chitseko chotseka
- kukonza CV
- osachita manyazi!

Masana. Tayi m'dzuwa la Mangochi ndi kudzilanga wekha. Wa kabaza wandifunsa ngati ndili ndi mlandu kukhoti.

Anti Grace, amene tebulo lawo lili pakhomo la a Bwana ndipo palibe amalowa osadutsa kwa iwo, andiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukhosi. "Kwagwanji?" Ndawauza kuti ndikufuna kuonana ndi a Bwana pandekha, tikambirane za tsogolo langa. Asiya kutafuna chinangwa. "Pawekha? Chitseko chotseka?" Ndati inde. Ati, "Oooh." Oooh wautali zedi. Kenako ati ndibwere mawa.

Tayi yayamba kugwira ntchito.

Lachiwiri

Mawa lija ndi lero. Ndili pa benchi. A Bwana afika, apereka moni kwa aliyense, moni wawo wautali uja wofunsa ana, odwala, mvula ndi mbuzi zomwe. Ine angondigwedezera mutu. Alowa. Atuluka ndi makiyi m'manja. Akuti kuli msonkhano wadzidzidzi pa Boma. Msonkhano umene dzulo kunalibe!

Chabwino. Nthawi imeneyi ndisindikizire CV.

Pirinta, imene ndimaidziwa ngati mwana wobala ndekha, yasankha lero kundichititsa manyazi. Yameza tsamba loyamba, lachiwiri yalilavula kambirimbiri mpaka pansi mbwee. Che Amidu, dalaivala wathu, atola limodzi, aliwerenga milomo ikugwedera, andibwezera ndi manja awiri. "Mulungu akutsogolereni, achimwene." Ndathokoza. Koma nkhope yachisoniyo ndi ya chiyani?

Zodabwitsa za lero:
- Asiyatu wandigulira thobwa lozizira. Asiyatu, amene sagawa ngakhale mtedza umodzi!
- Anti Grace andifunsa ngati ndili ndi abale ku Lilongwe. Ndati alipo ndithu. Ayang'anizana ndi Che Amidu.
- Palibe wandituma mandasi.

Ulemu wayamba. Ndinachedweranji kuvala tayi?

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru: ngati mu ofesi sakupezeka, m'galimoto sangathawe. Lero kuli ulendo wa ku Nkhudzi kukaona nyumba ya ofesi yatsopano. Ndadzipereka kunyamula mafayilo amene palibe akuwafuna.

Kutsogolo a Bwana ndi Che Amidu. Kumbuyo ine, Asiyatu, ndi mayi wina wa komiti ya oyanika usipa amene tamutenga panjira ndi beseni lake pamiyendo. Ndiye ndiyambe bwanji kuti "mpandowu mupatse ine" wopikisana naye ali phewa ndi phewa ndi ine? Mayi wa pa foni uja zimenezi sanazitchule. Mwina kwawoko m'galimoto amakwera awiri okha.

Ndayesabe. "Bwana, nkhani ija…" Atambasula dzanja, akweza wailesi. Mauthenga a maliro. Tamvera mayina a anthu omwalira ndi midzi yawo mpaka kukafika.

Ofesiyo ndaiona! Yaing'ono, malata atsopano, zenera loyang'ana matandala oyanikira usipa. Pokhala tebulo langa ndasankha kale. Mtima wandithawa, ndayamba kulankhula mokweza: shelefu ikhale apa, benchi ya amayi ikhale pamthunzi osati padzuwa ngati kwathu kuja, sikelo ikhale pakhonde kuti fungo lisalowe m'mafayilo, misonkhano izichitika asodzi atagona kale tulo tawo ta m'mawa osati akungotsika m'bwato. A Bwana andiyang'ana nthawi yaitali. Apumira m'mwamba. "Nzeru ngati zimenezi ndi zimene zimatithawa." Kenako auza Asiyatu kuti alembe zonse zimene ndanena.

Andiyamikira pamaso pa anthu! Ndipo Asiyatu akulemba ngati mlembi wanga. Yamba kuzolowera, mnzanga.

Koma nkhani yeniyeni sindinainenebe.

Tayi ikununkha usipa. Ndaichapa, ili pachingwe.

Lachinayi

Ndayamba kukwiya.

Ndafika woyamba, mlonda asanaweruke. Benchi yomwe ija. A Bwana alowera khomo lakumbuyo, lija la kukhitchini limene amadutsira amphaka. Munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, kuthawa ine!

Anti Grace: "Ali pa foni."
Patapita kanthawi: "Akuswali, usawasokoneze pemphero."
Patapita kanthawi kena: "Mutu ukuwawawa."
Kenako motsitsa mawu: "Mwanawe, usawakakamize. Zikuwapweteka. Akudziwa kale."

Akudziwa kale! Ndiye kuti zatheka? Nanga zikuwapweteka chiyani? Kukweza munthu kumapweteka?

Ndapita kuseri kwa thanki ya madzi kukayeserera mawu anga m'Chingerezi, foni pakhutu kuti anthu asaganize kuti ndazungulira mutu. Ndanena zonse mwa dongosolo: zimene ndaphunzira pano, zimene ndingathe, kuti ndakula ndipo ndikufuna udindo, kuti ndine wokonzeka kuyamba mwezi wamawa. Potembenuka, Che Amidu ali chilili ndi chidebe chotsukira galimoto. "Mwezi wamawa womwewu?" Ndati inde, zikatheka. Apukusa mutu. "Iii, ndiye mwafulumiratu."

Kufulumira? Chaka chachiwiri! Vuto la ofesi ino ndi limeneli. Aliyense akufuna munthu achite imvi kaye.

Masana Asiyatu wabwera ndi kope kuti ndimuphunzitse pirinta. Pomenya, pokoka, posagwira. Ndamuphunzitsa ndi mtima wonse. Ndikapita ku Nkhudzi idzakhala yake, alire nayo.

Envelopu ina ikuzungulira mu ofesi. Ikayandikira ine imalowa pansi pa fayilo. Womwalira sindinamumve. Mwina ndi ukwati wa wina. Bola sakundisonkhetsa.

Mawa sindikhala pa benchi. Mawa ndiima pakhomo penipeni.

Lachisanu

Tsiku lake. Tayi, ndi jekete yobwereka kwa mnzanga wa kwaya. Magetsi azima, fani yaima, thukuta likutsika mpaka m'masokosi.

Lachisanu timaweruka masana chifukwa cha mapemphero a Ijuma, ndiye ndi m'mawa uno kapena ayi. Ndaima pakhomo. Anti Grace akuti ndikutchinga mphepo. Mphepo yake iti? Sindikusuntha. Khomo la kukhitchini ndauza mlonda akhome, kuti amphaka achuluka.

Atuluka atavala mkanjo woyera, andipeza ndili nji. Kothawira kulibe.

Andigwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya. "Mwana wanga, usavutike kunena. Pa ofesi pano ndakhalapo. Mnyamata akavala tayi, n'kusindikiza CV, n'kupempha chitseko chotseka, ndimadziwa. Onse anachoka choncho." Ine, "Bwana, ine ndimafuna…" Iwo, "Ndikudziwa, ndikudziwa. Sindingakutsekereze mwayi. Kungoti mtima wanga sunakonzeke kumva ndi makutu." Kumzikiti ayamba kuitana. "Mawa masana ubwere kunyumba. Usadye." Apita.

Ndatsala ndili chilili ndi dzanja lotambasula. Onse anachoka choncho. Anachoka?

Ndani akuchoka?!

Madzulo. Uthenga pa gulu lathu la pa foni, wochokera kwa a Bwana. Ndauwerenga mpaka maso kuwawa: "Woyang'anira ofesi ya ku Nkhudzi akhala Asiyatu. Ndinali nditakonzera wina, koma mwayi wamuitanira kwina, ndipo tikumufunira zabwino."

Nditakonzera wina.

Pansi pake manja owomba, maluwa, mitima. Che Amidu atumiza chithunzi cha ndege.

Ndawaimbira a Bwana. Foni yothima. Mwina yaiwalanso pasiwedi.

Loweruka

Dongosolo latsopano, losavuta:
- kufika anthu asanabwere
- kuwatengera a Bwana pambali
- kunena kuti kulibe Lilongwe, kulibe ntchito ina, ndimafuna Nkhudzi basi
- osavala tayi

Ndafika. Mbuzi yaphedwa kale. Chikopa chili pa mpanda, mpunga ukufuka, mipando ya pulasitiki yandandalikidwa pansi pa mtengo wa mango. Amayi a komiti abwera ndi yunifolomu ya zitenje. Ndikufunafuna a Bwana ndi maso, ndangomva nthungululu kumbuyo kwanga. Nthungululu imene ndimaidziwa chibadwire.

Amayi! Amayi anga enieni, atsika minibasi ya ku Namwera m'mawa uno, duku latsopano kumutu. Anti Grace anawaimbira Lachitatu. Lachitatu! Andikumbatira, andimenya pamsana. "Iwe, mpaka ndimvere kwa anthu? Umafuna undidzidzimutse eti? Kumudzi konse ndawauza!"

Ndayesabe. Ndawapeza a Bwana akuyang'anira ogawa nyama. "Bwana, pang'ono chabe." Iwo, "Lero si tsiku la ntchito, khala pansi." Andikhazika pa mpando wa khushoni, pakati pa iwo ndi Amayi.

Zolankhula:
- A Bwana: kuti ndine mwana amene sanawayankhepo mwano, ndipo chifukwa cha chimenecho za notisi andikhululukira, kumapeto kwa mwezi ndine womasuka. Anthu m'manja phuphuphu.
- Anti Grace: alira. Akuti anadziwa Lolemba lomwe, atangoona khosi langa.
- Che Amidu: kuti anandimva ndi makutu awo ndikulankhula ndi mabwana atsopano pa foni, Chingerezi chosapunthwa. Kenako pambali: ali ndi mphwawo wodziwa kuyendetsa galimoto, ndikakhazikika ndisamuiwale.
- Amayi: anena za fodya, za sukulu fizi, za malemu Bambo. Amayi a komiti akupukuta maso ndi zitenje.

Asiyatu wanditsatira posamba m'manja. Sakunyada n'komwe, ndipo chimenecho ndiye chikundipweteka kwambiri. "Ukanapanda kuchoka unali wako mpandowu, aliyense amadziwa. A Bwana ananena kalekale." Ine, "Nanga bwanji sanandiuze?" Iye, "Aa, zimenezi amauza munthu? Umangodikira."

Envelopu ija yabala chikwama. Chachikulu, chakuda, cha matayala, cha loko wa manambala. Achikoka pafumbi mpaka pamapazi anga, amayi akuimba. Kenako, "Mwini wake alankhule!"

Ndaimirira. A Bwana akumwetulira ndi maso ofiira. Amayi agwira pachifuwa. Mafupa a mbuzi ali m'mbale ya aliyense, yanga yomwe.

Ndati, "Zikomo kwambiri nonse."

Nthungululu.

Lamulungu

Amayi agona kwanga, ine pamphasa. M'mawa anditengera kutchalitchi, ndipo nthawi ya zolengeza aimirira okha osapemphedwa. Abusa andiitanira kutsogolo, andisanjika manja, apempherera ulendo wanga ndi maofesi onse a mu likulu. Mnzanga wa kwaya akuti jekete ija ndisabweze, ndikaonekere nayo.

Ndakhala pakhonde kuganiza zoti mawa ndipite ndikanene zoona. Ndiye ndikayambire pati? Kuti a Bwana, munthu wa ndevu zoyera, analira pamaso pa anthu popanda chifukwa? Kuti Asiyatu abweze kiyi? Kuti Amayi abwerere ku Namwera akauze mudzi wonse kuti zinali zongoyerekeza kuseri kwa thanki? Chikwama chingabwezedwe kusitolo. Mbuzi ayi. Mbuzi tadya.

Ndiponso kuti ndikanene, ndiyenera kudutsa kwa Anti Grace n'kupempha chitseko chotseka. Adzati ndikufuna kalata ya umboni. Adzailemba, yabwino kwambiri.

Zimene ndili nazo lero:
- chikwama
- jekete
- madalitso a mzikiti ndi a tchalitchi
- ntchito mpaka kumapeto kwa mwezi

Mayi wa pa foni uja watulutsa kanema wina: momwe ungapemphere kuti akuwonjezere malipiro. Sindinatsegule.

M'nyumba Amayi ayamba kale kulongedza. Malaya anga awapinda, pansi aika nyemba ndi kathumba ka ufa, pakona mpeni ndi supuni ziwiri chifukwa kumeneko, akuti, kubwera alendo. Akuimba chapansipansi. Sindinawaone akusangalala chonchi chimwalirireni Bambo.

Afuula kuchokera mkati: "Iwe, kodi ku Lilongweko kumazizira?"

Ndati kumazizira.

Aikamo bulangeti.