A Ndau ndi Maapozi a ku Chitawira

Pali mwambi wina, ana inu, umene akuluakulu amaponyera munthu wouma mutu. Chiyambi chake chinali chotere. Basi yathu ikuchedwabe, ndiye sendezani zikwama zanuzo kuno, mukhale pansi mumve.

Ku Tsangano kunali mlimi wa mbatatesi, dzina lawo a Fanuwelo Ndau. Bambo amenewa anali munthu weniweni. Tambala akamalira, iwo anali atafika kale kumunda, ndipo mizere yawo inkawongoka ngati aiyeza ndi chingwe. Mlendo akafika pakhomo pawo sankabwerera chimanjamanja. Ana awo anawaphunzitsa ndi khasu lomwelo, mpaka woyamba, Elufe, anakhala namwino ku Blantyre. Chilema chawo chinali chimodzi basi: pakamwa pawo sipankatuluka funso. Ankati mwamuna wofunsa njira ali ngati tambala wofunsa nkhuku ngati kwacha.

Chaka china Elufe anabwera kumudzi ndi nkhani yabwino. Mnyamata wina, Lenadi Matewere, anali atamufunsira mbeta, ndipo makolo a mnyamatayo ankafuna kuti banja la a Ndau likadye nawo Khirisimasi ku Chitawira, mabanja awiriwo adziwane ankhoswe asanayambe zawo.

"Tsiku limene mudzabwere ine ndidzakhala ndili kuntchito, tidzakumana komweko," anatero Elufe. "Mukadzatsika ku Wenela, ababa, mudzafunse minibasi ya ku Chitawira. Kumeneko mudzangoti kwa a Matewere, aliyense akuwadziwa."

"Iwe pita, tikupeza," anayankha a Ndau.

Anakonzeka ngati akupita kukaonana ndi mfumu ya dziko. Akazi awo, Anangozo, anawagulira chitenje chatsopano. Ana awiri aang'ono, Filipo ndi Esinati, anawagulira nsapato. Iwo eni anachapitsa jekete lawo la kutchalitchi, n'kusankha mbatatesi zikuluzikulu zokhazokha, thumba lathunthu, zoti zikakhale mphatso. Tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, asananyamuke, anasonkhanitsa banja lonse pakhonde.

"Tamverani," anatero. "Kutauni munthu wofunsafunsa amamudziwa msanga kuti ndi wakumudzi. Sindikufuna a Matewere akamve kuti a Ndau ankazungulira mu Blantyre ngati mbuzi yosochera. Tingamuchititse manyazi Elufe, mwinanso ukwati kutha usanayambe. Chimene simukuchidziwa, muziyang'ana ine."

"Nanga chimene inu simukuchidziwa tiziyang'ana ndani, bambo a Elufe?" anafunsa Anangozo.

"Chimenecho kulibe."

Atatsika ku Wenela anapeza anthu ali piringupiringu, oitanira minibasi akukuwa mbali zonse. A Ndau anaika thumba paphewa, n'kuyang'ana magalimoto onse mmodzi ndi mmodzi ngati akusankha ng'ombe pamsika. Kenako analoza yonyezimira kuposa zonse.

"Iyi. Anthu olemekezeka ngati a Matewere sangakhale kumene kukupita galimoto yothothoka penti."

Galimoto yonyezimirayo inakawatula ku Limbe.

Koma ndikuuzeni, ana inu, kusochera kwina kumakoma. Limbe tsiku limenelo anali atavala. Mapepala ofiira ndi obiriwira anali lendelende m'makomo a masitolo, nyimbo za Khirisimasi zikulira kuno ndi uko, amayi atasenza makatoni, ana atanyamula mabaluni. Filipo ndi Esinati pakamwa panali yasa. Pa zenera la sitolo ina panali mtengo wokutidwa ndi thonje, timagetsi tikuthwanima m'nthambi zake dzuwa likuswa mtengo.

"Ababa, mtengo uwu ukubala nyenyezi?" anafunsa Esinati.

"Ndi mbewu yakunja imeneyo," anayankha a Ndau mosaphethira. "Thonje ndi nyenyezi pamtengo umodzi. Imangofuna feteleza wambiri."

Pakhomo pa sitolo yomweyo panaima Fada Khirisimasi, ndevu zoyera mpaka pachifuwa, zovala zofiira, thukuta lili kamukamu. A Ndau anatula thumba, anavula chipewa, n'kupereka moni wa manja awiri.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

Fada Khirisimasi anaseka, n'kupatsa anawo maswiti odzaza manja.

"Mwaona?" anatero a Ndau akuchoka. "Nkhalamba zakuno n'zaulemu. Koma ana ake ndi oipa mtima. Munthu wamkulu chonchi kumuveka bulangeti dzuwa lonseli!"

Patsogolo pang'ono anaona mnyamata wogulitsa ayisikirimu panjinga. Anagulira ana, anagulira Anangozo, koma iwo eni anakana, ati zozizira n'za ana ndi amayi. Zoona zake n'zakuti ankafuna kuti anawo abwereze, ndipo anabwerezadi. A Ndau anangoima pambali, thumba lili paphewa, akumwetulira poona Esinati akunyambita zala. M'mimba mwawo munali tiyi wam'mawa yekha.

Atatero anayamba kufunafuna Chitawira ndi miyendo. Anakwera msewu, anatsika msewu, anakhota, anakhotanso. Posakhalitsa anapezeka ali pamaso pa Fada Khirisimasi yemwe uja.

"Nkhalamba ija ili ndi mphwake," anatero a Ndau. "Afanana bwanji!"

Atamupezanso kachitatu, Anangozo anaona kuti jekete la amuna awo lanyowa ndi thukuta, ndiponso ana ayamba kutsimphina ndi nsapato zatsopano. Sanakangane nawo. Anangoti akufuna kugula mango, n'kukagwada pafupi ndi mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Akusankha mangowo ananong'ona, mayi uja n'kuwanong'onezanso. Atabwerera anati:

"Bambo a Elufe, mtima wanu sukukuuzani kuti tikwere minibasi yobiriwira iyo, tikatsike pachipatala chachikulu, tikakwerenso ina?"

"Ndimati ndinene zomwezo," anayankha a Ndau.

Ku Chitawira Anangozo anatsalira m'mbuyo ngati akumanga chitenje, n'kunong'onezana ndi atsikana amene ankasewera fulaye. Kenako anati geti lina lakuda limene linali patsogolo pawo likuoneka ngati la anthu aulemu. A Ndau anati iwonso amati anene zomwezo.

A Matewere, bambo wamfupi wansangala amene anapuma ntchito kunjanji, anawalandira ngati abale otayana kalekale. Atamasula thumba lija anagwira pakamwa.

"Izi ndi mbatatesi kapena maungu? Mayi, tabwerani mudzaone zimene anthu amalima!"

Mayi Matewere anatuluka akupukuta manja, anakumbatira Anangozo, n'kupita nawo kukhitchini. Ana anathamangira kubwalo kukasewera ndi anzawo. Lenadi anali atapita kukatenga Elufe kuntchito. Pabalaza panatsala abambo awiri okha.

"Khalani omasuka, achimwene, pano ndi panu," anatero a Matewere. "Chilichonse mwachiona n'chanu. Ndikatenge zakumwa."

Atatuluka, a Ndau anaona mbale yagalasi patebulo. Munali maapozi ofiira psuu, osalala, onyezimira, opanda ndi kachilema komwe. Anasendera pafupi. Fungo lake linali la uchi weniweni. M'mimba mwawo munalira ngati ng'oma ya pagule. Anakumbukira mawu a mwini nyumba, anatenga limodzi, analipukuta pajekete, n'kuluma ndi mphamvu zonse za munthu amene wasenza thumba tsiku lathunthu.

Mano analowa bwinobwino, koma kutuluka anakana. Atawazula, chidutswa chinatsalira m'kamwa. Anatafuna. Madzi munalibe. Anatafunanso. Chinthucho m'malo mochepa chinkangofalikira, china kumamatira kumwamba, china kulowa m'mipata ya mano. Ankati ayang'ane polavulira, a Matewere anatulukira ndi mabotolo.

"Aa, mwayamba maapozi! Akukoma?"

Apa, ana inu, mawu amodzi okha akanawapulumutsa. Akanangoti, "Kodi zimenezi n'chiyani?" nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Ndau anaganiza za Elufe, anaganiza za ulemu wa ku Tsangano, n'kumeza.

"Kwambiri," anatero mawu akutuluka movutikira. "Akunja awa. Ndimawadziwa."

Tsono chimene a Ndau sankadziwa n'chakuti a Matewere nawonso anali atawamezera mate maapoziwo sabata yonse. Akazi awo anangobwera nawo n'kunena kuti, "Musakhudze, ndi a Khirisimasi," ndipo iwo sanafunse zambiri. Ataona mlendo wayamba, anasuzumira kukhitchini, n'kunong'ona:

"Mlendo akatsegula njira, mwini nyumba sachimwa."

Anatenga lalikulu kuposa onse, n'kuluma.

Abambo awiri anakhala moyang'anana, nsagwada zikugwira ntchito ngati ng'ombe zobzikula. A Matewere ankaopa kulavula chinthu chimene mlendo wachiyamikira. A Ndau ankaopa kusiya chinthu chimene mwini nyumba akudya nawo. Wina akaluma, mnzake ankalumanso.

"Achimwene," anatero a Matewere patapita nthawi, misozi ili m'maso, "koma amakhalitsa m'kamwa."

"Ndiwo ubwino wake," anayankha a Ndau. "Enawa umangoti waluma, atha."

A Matewere anasolola kachingwe koyera pakati pa mano awo, n'kukayang'anitsitsa.

"Nanga aka?"

"Ndi muzu. Akunja amamera chozondoka."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Analowa Elufe ndi Lenadi, ndipo kuchokera kukhitchini anatulukira amayi awiri aja atanyamula mpunga ndi nkhuku. Mayi Matewere anayang'ana mbale yagalasi, anayang'ana milomo yofiira ya abambo awiriwo, n'kutula mpungawo msanga usanawagwe.

"Mayo ine! Makandulo anga!"

Anali makandulo, ana inu. Amayi a kutchalitchi anawaumba ndi phula la njuchi, n'kuwapaka utoto, kuti akawayatse pa mapemphero a Khirisimasi.

Elufe anaphimba nkhope ndi manja. Lenadi anayang'ana kudenga. Palibe anaseka, chifukwa aliyense ankaopa kuti mlendo wamkulu chonchi akachita manyazi anyamuka ndi banja lake lonse, za ukwati n'kuthera pomwepo.

A Ndau anaimirira pang'onopang'ono. Anaika chotsala cha apozi lija patebulo, anakonza jekete, n'kupinda manja mwaulemu.

"Mayi, ndakulakwirani. Phula ku Tsangano lilipo, ndidzakutumizirani lina. Koma pepani, ndifunseko. Kodi munthu akadya kandulo, amafa?"

Anangozo anaponya manja m'mwamba n'kuimba nthungululu yomveka mpaka kumsewu.

"Afunsa! Anthuni, afunsa! Chikwatiwire ine sindinamvepo!"

"Safa, bambo," anayankha mayi Matewere akudziletsa. "Koma lero musayandikire mbaula."

Pamenepo nyumba yonse inaphulika. A Matewere anagwa pampando akuseka, mano ali psuu. Elufe anaseka mpaka misozi. A Ndau anayesa kulimba nkhope, koma atayang'ana mnzawo ali ndi kachingwe m'manja, nawonso anagonja.

Phokoso litachepa, a Matewere anawagwira dzanja.

"Asewere, ndikutchulani choncho kuyambira lero. Munthu amene wameza phula kuopa kunyoza mbale ya mwini nyumba, mwana wake ife tikumufuna. Lenadi, uuze amalume ako akonzeke, ulendo wa ku Tsangano."

Khirisimasi imeneyo inakoma zosaneneka. Makandulo otsalawo anakayaka kutchalitchi, ndipo abambo awiriwo ankati akawayang'ana n'kugundana zigongono. Masana ake Lenadi anabwereka galimoto n'kuzungulitsa banja lonse mumzinda, ana akuimba kumbuyo. A Ndau anakhala kutsogolo, ndipo ngati munthu amene watsegula mpopi wotsekeka kalekale, ankafunsa chilichonse: nyumba iyi amagonamo ndani, magetsi amsewuwa amawauza ndani kuti asinthe, phiri ilo dzina lake n'chiyani. Vuto linatsala limodzi lokha. Phula lija linakanirira m'mano, moti nkhuku, mpunga ngakhale fanta, zonse kwa iwo zinkamveka kandulo mpaka Chaka Chatsopano.

Atabwerera kumudzi, amayi anazungulira Anangozo pachitsime.

"Tatiuzani za kutauni! Munadyako chiyani?"

Anangozo anatula ndowa, anayang'ana amuna awo amene ankadutsa chapatali ndi khasu paphewa akutokosa m'mano ndi kamtengo, n'kuyankha mokweza kuti nawonso amve:

"Ife ofunsa tinadya mpunga ndi nkhuku. Koma Safunsa anadya phula."