Kamera Yosaopa Madzi

"Kodi a Nankhoma, nsomba imajambulidwa bwanji ili m'madzi?"

Anandifunsa funso limeneli ndi a Nachisale, mayi wamkulu wa m'gulu lathu, amene lilime lawo limasenda munthu ngati mbatata. Tinali titakhala pamkeka kuseri kwa tchalitchi, amayi onse maso ali pa ine, poti m'gulu monsemo amene anafika Folomu Folo ndi ine ndekha. Ndipo m'malo mokhala chete monga ndimachitira masiku onse, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Aaa, zimenezo n'zosavuta. Kunja kuno kuli makamera osaopa madzi."

Ndikuuzeni kaye chimene chinatifikitsa pamenepo. Ife amayi a kumpingo kwathu kuno kwa Dzoole tili ndi dziwe la nsomba kudambo. Tinakumba tokha ndi makasu, ndipo bungwe lina la ku Lilongwe linatipatsa tiana ta nsomba za makumba, n'kutilonjeza dziwe lachiwiri tikaweta bwino. Patapita miyezi, mlangizi wathu a Kachingwe anabwera ndi uthenga woti mabwana akufuna umboni kuti nsomba zilipodi, chifukwa anamva kuti kwina amayi anakazinga mbewu yonse. Akapanda kuona chithunzi cha nsombazo mwezi usanathe, dziwe lachiwiri lipita kumudzi wina, ife atifufuta. Chithunzi cha dziwe tinali titatumiza kale, anayankha kuti madzi ali paliponse. Kuvuula nsomba nthawi isanakwane analetsa ndi iwo omwe. Mukuziona nzeru za m'maofesi? Musazigwire, koma tizione!

Basi amayi anagulitsa soya wa m'munda wa gulu, n'kunditumiza ine kutawuni, mayi busa atandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mulungu sanakuphunzitseni pachabe, a Nankhoma." Ndinakwera minibasi pa Mponela ndikudzitukumula, moti ngakhale mayi wina amene anandinyamulira chikwama pamiyendo pake ulendo wonse ndinamuuza kuti ndikupita kukagula zipangizo za pulojekiti.

Musitolo ndinapeza bambo wina wofatsa, wa imvi m'mbali, amene anandipatsa mpando poona kuti ndatopa. Anandionetsa makamera atatu. Yoyamba inali yaikulu, yakuda, mtengo wake wofuna kuti ukhale kaye pansi. Yachiwiri inali yachikasu, yolimba ngati njerwa, akuti imeneyo umangoiponya m'madzi mmene ililimo. Yachitatu inali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali m'kabokosi kena koonekera ngati galasi, konyezimira, kokongola zedi. Bambo aja anakaviika m'ndowa ya madzi pomwepo, n'kukatulutsa kakugwirabe ntchito.

"Kabokosika mukugulitsa padera?" ndinafunsa.

"Ayi mayi, zimayendera limodzi."

Basela! Inu mukudziwa mmene ife amayi timachitira tikamva za basela. Tomato mmodzi woonjezera amatichititsa kudutsa msika wonse, nanga kabokosi kagalasi? Yachikasu ija ndinaiiwala pomwepo. Bambo aja anatsegula kabokosi kuti aikemo kakhadi kosungira zithunzi, n'kuyamba kundifotokozera za kamphira kena ka pachitseko, koma ine ndinali nditadziona nkhope pakagalasi ka kamera, ndikukonza duku.

"Mvetserani apa mayi, chachikulu n'chakuti..."

"Ndikudziwa bambo, musavutike. Kusukulu tinapitako."

Anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, n'kundikulungira katundu wanga bwinobwino. Munthu wabwino uja! Mulungu amukumbukire.

Nditafika kunyumba ndinayala zonse patebulo. Bambo a Tadala, amuna anga, anayang'ana kakamera kaja atapendeketsa mutu.

"Make Tadala, chinthu cha batire ndi madzi zinayamba liti chibale?"

"Inu dziwani za fodya wanu," ndinatero.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mundiweruze mwachilungamo. Ndani mwa inu amene amatenga chinthu chatsopano, chonyezimira, kupita nacho kumatope? Makapu a paukwati wanga sanalawepo tiyi mpaka lero, amadikira alendo amene sanabadwe. Mipando ya pabalaza idakali m'mapulasitiki ake. Ndiye kabokosi kokongola chotere ndikapake ndowe za kudziwe? Ndinatulutsamo kamera, kabokosi ndinakapukuta, ndinaikamo timaluwa ta pulasitiki, n'kukakhazika m'kabati pakati pa makapu aja. Kanakwanira ngati kanabadwira momwemo. Kamera ndinaikulunga m'mpango.

Tsiku lojambula linali la msonkhano wa amayi, choncho tinatsetserekera kudambo tonse titavala yunifolomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera, tikuyimba. Anthu a m'madimba anasiya makheni awo othirira kubwera kudzaonerera. Mayi busa anapemphera kuti Ambuye atsegule maso a chipangizocho, tonse tinati ameni. Ine ndinalankhulako mawu ochepa okhudza sayansi, kenaka ndinamangirira kamera kunsonga ya nsungwi ndi mphira wa chubu cha njinga, ndinadina batani, n'kuitsitsira m'madzi pang'onopang'ono. Nthungululu zinamveka mpaka kuphiri.

Timathovu tinayamba kutuluka pamwamba pa madzi.

"Chikuchitika n'chiyani pamenepo?" anafunsa mayi busa.

"Ikugwira ntchito," ndinayankha mofatsa, ngati nesi. "Imatero ikamajambula."

"Ooo," anatero a Nachisale. "Chifukwa kambuzi kanga kaja katagwera m'chitsime kankatulutsanso thovu lotere. Kaya kankajambulanso."

Amayi anaseka chamumtima, ena akubisa pakamwa ndi mabuku a nyimbo. Ine ndinaumitsa nkhope, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndikudziwa chimene ndikuchita, ndinayendetsa nsungwi uku ndi uku kuti nsomba zonse zionekemo, pasakhale yodandaula. Thovu litasiya ndinati yamaliza. Ndinadzutsa nsungwi.

Kunsonga kunali mphira wokha.

Amayi omwe aja ankaimba nthungululu anayamba kuyang'ana mitambo, wina kumafunsa mnzake ngati mvula ibwere msanga chaka chino. Ndinaganiza za soya wa gulu, ndinaganiza za dziwe lachiwiri, ndipo ndinavula nsapato zanga n'kuziika pambali mwadongosolo, kuti ngakhale zinthu zavuta anthu aone kuti ndine munthu wophunzira.

Anzanga, madzi a dziwe la nsomba si madzi osamba ayi. Timathiramo zitosi za nkhuku ndi ndowe kuti abiriwire, ndipo amabiriwiradi, moti ukaviika dzanja zala suziona. Pamenepo m'pamene zinandifikira kuti ngakhale kamera ija ikanakhala yamoyo ikanajambula chiyani mumdima wobiriwira umenewu? Koma maganizo abwino amabwera munthu uli kale m'matope ofika m'maondo. Ndinafufuza ndi phazi, ndinafufuza, mpaka chala chinagunda kanthu kolimba. Ndinawerama kuti nditole, phazi linalo linatsetsereka, ndipo ine mayi wa ana anayi, mlembi wa gulu, chubwi!

"Ndafa ine! Mayo! Ndigwireni!"

"Ingoimirirani mayi!" anakuwa bambo wina wa kudimba. "Madziwo ndi a m'chiuno!"

Ndinaimirira. Analidi a m'chiuno. Duku langa linali kuyandama palokha kulowera tsidya lina, ndere zili m'tsitsi, bulauzi yoyera ija itasanduka mtundu umene ulibe dzina. Ndisanapume n'komwe, ndinamva chinthu chikuphiriphitha m'bulauzimo, chozizira, chamoyo. Njoka! Ndinakuwa kukuwa kumene sindinakuwepo ngakhale kuchipatala pobereka Tadala, ndinapisa dzanja, n'kuchisolola. Inali nsomba, makumba enieni, onenepa kuposa chikhatho changa.

Nthawi yomweyo n'kuti a Kachingwe akuimika njinga yawo yamoto, atachedwa monga mwa masiku onse. Anandipeza ndili chiimire pakati pa dziwe, dzanja ili nsomba, dzanja ili kamera ikuchucha madzi, kukamwa kuli yasa. Sanapereke n'komwe moni. Anasolola foni m'thumba.

"Musagwedere, mayi! Ikwezeni pang'ono nsombayo. Eya!"

Atandivuulira kumtunda, nsomba itabwezedwa kwawo, a Kachingwe anatenga kamera ija, kuitembenuza, madzi obiriwira akutuluka m'timabowo tonse.

"Nanga kabokosi kake koletsa madzi kali kuti? Imeneyi popanda kabokosi ili ngati foni wamba."

"Kali kunyumba," ndinayankha, mawu osamveka bwino.

"Kali m'kabati, bambo," anathandiza a Nachisale mokweza, kuti a kumadimba asavutike kumva. "Ndinakaona dzulo pokabwereka sefa. Muli maluwa. Kakusungidwa bwino, madzi sanakakhudze ngakhale dontho."

Phwete limene linaphulika pamenepo! Mayi busa anachita kukhala pansi pa udzu. Koma ndinene zoona, a Nachisale omwewo, pakamwa pakali kuseka, anaona mmene bulauzi yonyowa inandimatirira pamaso pa amuna a eni ake, ndipo anamasula chitenje chawo chatsopano n'kundifunditsa kuyambira m'mapewa.

"Fundani, a sayansi, anthuwa angaiwale kuthirira kabichi."

Kunyumba bambo a Tadala ananditenthetsera madzi osamba, ananditulutsira sopo wonunkhira uja timasungira alendo, kenaka anatenga kamera n'kukaipachika m'chigafa pamodzi ndi fodya kuti mwina ikauma idzuka. Fodya anauma, anapita kumsika. Kamera sinadzuke.

Chithunzi cha pafoni chija ndi chimene chinapita ku Lilongwe, ndipo mabwana anachikonda koopsa. Dziwe lachiwiri tinapatsidwa. Amayi anandikhululukira za soya, atagamula kuti gaga wodyetsa nsomba ndizikathira ine ndekha mpaka tidzakolole. Koma mabwana aja sanalekere pomwepo, anachisindikiza pachipepala chachikulu n'kuchimata pamsika, pomwe timakwerera minibasi. Ndili pamenepo mpaka lero, wopanda duku, ndere m'mutu, kukamwa yasa chifukwa cha mantha a njoka, pansi pake atalemba m'Chingerezi kuti mayi akusangalala ndi ulimi wa nsomba. Ndipo poti amene amawerenga Chingerezi ndi ine, amayi amandipempha kuti ndiwamasulire nthawi iliyonse tikamadutsapo.

Chitenje cha a Nachisale ndinachichapa, ndinachisita, ndinamangirira mtedza pakona pake, n'kukachisiya pakhonde pawo iwo ali kumunda. Lamulungu lotsatira anachivala, anabwera kudzakhala pafupi nane m'tchalitchi, n'kundisunthira buku lawo la nyimbo kuti tiyimbire limodzi. Pakati pa ndime yachiwiri anandigunda ndi chigongono.

"Akuti chaka chamawa atipatsa ming'oma ya njuchi," ananong'ona. "Adzafuna chithunzi cha m'kati. Takusankhani inu."

Ndikudziwa kuti m'nyumba ya Mulungu salumbiramo, koma ine ndinalumbira pomwepo, nyimbo ili m'kati: ngakhale kamera yake itabwera ndi basela wa ng'ombe, atumeko mayi busa, iwo ndi amene ali ndi chikhulupiriro.