Dimba la M'mutu mwa Lonjezo

Amayi anzanga, siyani kaye kuyala matimatiwo, mumve zimene ndalota usiku wathawu. Mukudziwa kuti Lonjezo wanga wakwanitsa zaka ziwiri osatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo apongozi anagula kale lezala kuti lero amudule pansi pa lilime. Ndinagona mtima uli m'mwamba.

Ndiye ndikuona ndili kusikelo, mwana kumbuyo. Sikelo yopachika pamtengo wa mango ija ikundiuza kuti, "Mayi, makilo tatopa nawo. Lero tikuyeza mawu." Ine ha! Mawu ake ati? Ndiye akubwera mayi wa kafukufuku uja anatiuza mwezi watha kuti ubongo wa mwana umakula ukamamuyankhula. Akuti atsegule kompyuta, mwadzidzidzi wasanduka nkhanga, magalasi ali m'maso. "Tiyeni tikaone," ikutero. Ndiye talowera m'khutu la Lonjezo, nkhanga patsogolo, ine chokwawa.

Abale inu, m'katimo ndi dimba! Timitsempha tikuyanga ngati maungu, ndipo pa mbande iliyonse pakulendewera mawu anga, onse aja ndimalongolola pamsika pano iye ali kumbuyo. Apa "Gulani akupsa, bambo!" apo "Kondakitala wamwano iwe!" Ngakhale miseche ija tinkawadya anzathu aNangondo yamera, masamba biriwiri. Manyazi ake!

"Amathirira muno ndani?" ikufunsa nkhanga.

Chitenje changa n'kuyankha chokha: "Ndi awa. Pakamwa sapumitsa. Ine ndinatopa nawo kalekale."

"Asasiye," ikutero nkhanga. "Kwa ena zimapsa msanga, kwa ena zimachedwa. Koma mubwere naye kuchipatala timuone m'makutu."

Ndiye mwadzidzidzi lezala ya apongozi yatulukira, itavala magambuti, akuti yabwera kudzakolola. Mbande zonse njenjenje. Ine ndagwada pansi: "Chonde achimwene, zosapsa izi!" Iyo, "Ndangotumidwa, mayi." Ndikuti ndithamange ndiitchinge, miyendo yasanduka zinangwa. Ndinalira, osanama.

Ndiye belu la njinga ngiringiri, atulukira aMsiska, alangizi a zaumoyo aja. Potsika panjinga asanduka tonde, yunifolomu ili m'thupi, n'kungoimeza lezala ija ndi pepala lake lomwe. Abzikula pang'ono, n'kuti, "Mchere wachepa." Ine kuthokoza kwake! Ndaombera m'manja tonde, nkhanga, ngakhale chitenje chamwano chija. Ndiye nkhanga ikundilozera liwu limodzi lofiira psuu, lapsa, likugwedezeka pa tsinde. Ndatchera manja kuti ndiliwakhe, likugwa, likugwa…

"Makalaaa! Makala!"

Ndadzidzimuka. Ndi bambo wamakala uja amadutsa m'mawa uliwonse. Pakhomo apongozi afika kale, lezala ili m'manja, akuitana wamakalayo kuti agule kaye. Lonjezo watsika pamphasa, tang'atang'a mpaka pakhomo, waima pakati pawo, n'kutambasula kadzanja.

"Basela!"

Anzanga inu! Wamakala n'kuphulika kuseka, n'kumuikira khala limodzi m'manja. Apongozi anayang'ana mwana, anayang'ana ine, n'kumangirira lezala ija pansonga ya chitenje. "Pakamwa ngati amake," anatero, koma misozi ili mbwee.

Kuchipatala tipitabe Lachisanu. Koma lero, aliyense wogula kwa ine basela atenga asanapemphe.