Funso limodzi Tadala asananyamuke

Lolemba
Tadala, mwana wanga yekhayo, akunyamuka Lamulungu kupita ku Germany. Ntchito ya kafukufuku, zaka zitatu. Buku lake la PhD lili patebulo chibweretsereni, ndipo ndimaikapo kapu ya tiyi. Ganizo: ndiliwerenge sabata ino, ndimufunse funso limodzi lanzeru asanapite. Mayi ake akanakhala moyo akanafunsa khumi. Ine kwanga n'kufunsa za matayala a njinga yake basi.

Lachiwiri
Mutu wokha wa bukuli wandidyera break yonse kufakitale. Mawu amene ndikuwadziwa:
X-ray (anandijambulapo mwendo)
plasma (TV yathu yakale)
laser (ija aneba amaseweretsa nayo mphaka)
Ndayamba bwino!

Lachitatu
Sindinayambe bwino. A Phiri, anzanga apantchito, akuti plasma ndi madzi a m'magazi, poti akazi awo ndi nesi. Tikukangana mpaka belu. Tonse talakwa. Tsamba 9 likuti amatenga kachitsulo kopyapyala kuposa pepala n'kukawomba ndi kuwala kwa laser. Kamatentha mpaka kusanduka mpweya woyaka, ndiye plasmayo, ndipo mpweyawo umatulutsa X-ray. Kachitsulo kaja kamatheratu. Ndiye kuti zaka zinayi zonsezi ine ndikuwotcherera zitsulo kufakitale ku Solihull, kuno kunja, mwana wanga akuzipsereza ku yunivesite!

Lachinayi
Funso lapezeka: "Kodi sizingakuwotche?" Ndikuliyeserera pagalasi. Likumveka lamantha, osati lanzeru. Ndalitaya. Tadala akupakira. Akufunsa ngati angatenge chitenje chobiriwira cha mayi ake. "Tenga," ndikutero, kenako ndikutuluka kukatsuka galimoto imene ndinatsuka dzulo.

Lachisanu
Tsamba 31. Manambala ndi tizilembo topindika tokhatokha. Ndikubwerera kumbuyo, mwina ndinadumpha china. Ndinadumphadi, tsamba loyamba lenileni. Pali mzere umodzi wa Chichewa m'buku lonseli, chilankhulo chimene Tadala amachita nacho manyazi: "Kwa Amayi amene sanawone mapeto, ndi kwa Adadi amene amandidikila panja pa labu." Walemba "dikila" ndi L m'malo mwa R. Ndikutenga bolopeni kuti ndikonze, ndikuibweza m'thumba. Lero sindiwerenganso.

Loweruka
Phwando lotsanzikana ku Whitmore Reans, kwa a Banda akutchalitchi. Abusa akupempherera "dokotala wathu wa X-ray". Zotsatira zake:
amayi atatu akumuonetsa mawondo
bambo wina wa ku Chipata akufunsa ngati laser imachotsa ng'ala
wina akufuna ajambulidwe msana popanda kudikira GP, dokotala wa m'dera
Tadala akuyankha onse mwaulemu, akuseka. Aliyense ali ndi funso kupatula bambo wake! Ndikungogawa mandasi.

Lamulungu
Ku airport. Malo otsitsira anthu salola kuima nthawi yaitali. Ndikutsitsa masutikesi awiri. Ndikutsegula pakamwa, koma iye wanditsogolera.
"Dad, who's going to remind you about your tablets?"
"Foni," ndikutero.
Akundikumbatira, wa kumbuyo akuliza hutala. Akulowa, sakucheuka, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Pobwerera ndikuzungulira roundabout kawiri, pamsewu umene ndimadutsa tsiku lililonse.
M'chipinda mwake mwatsala mahang'ala okhaokha. Mawa ndili pa shift ya m'mawa. Ndikulimbana ndi foni theka la ola, sindikudziwa potchera alamu ya mapiritsi. Ankatchera ndi iyeyo.