Pampu Yathanzi Kuposa Zonse m'Thyolo

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Mapampu a Madzi,

Bwana wolemekezeka,

Mundikhululukire pokutayitsani nthawi. Ndine kalaliki wamba pa esiteti ya tiyi kuno kwa Nchilamwela. Masamu ndinaphunzira ku yunivesite, koma ndikaona nzeru zanu ndimakayika ngati ndinatolako kanthu. Kalatayi ndaing'amba kawiri ndisanalimbe mtima.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kachipangizo kamene anthu anu anamata pa pampu yathu chaka chatha. Anatifotokozera kuti kamayeza kutentha ndi kunjenjemera kwa pampu n'kutumiza manambala ku kompyuta yanu, kuti muzidzakonza isanawonongeke. Tinawomba m'manja. Ine ndinawomba kuposa onse.

Chachiwiri, ndikupepesa m'malo mwa Mayi Sellah, othyola tiyi a kumalayini kwathu kuno, ku nyumba za antchito. Mu Juni ananena kuti pampu yasintha kaliridwe, ikumveka ngati ikukukuta mano. Ndinakulemberani katatu. Munayankha kamodzi, kuti manambala sanafike pa mzere wofiira. Zoonadi, makutu a mayi amene watunga pamenepo zaka khumi ndi zisanu angapose bwanji kompyuta? Pampu inafa mu Ogasiti, mwina chifukwa panalibe woiuza kuti manambala ake ali bwino.

Chachitatu, ndikuyamikira lipoti lanu la mwezi uno, loti pampu yathu ndiyo yathanzi kuposa zonse m'boma lino: sikutentha, sikunjenjemera ngakhale pang'ono. Ndawerengetsa mobwerezabwereza, poganiza kuti wosokonezeka ndine, ndipo ndapeza kuti mukunena zoona. Mtembo sutentha, bwana. Sunjenjemeranso.

Pakadali pano tikutunga ku kamtsinje ka kumunsi kwa minda ya tiyi, komwe kumatsetserekera feteleza ndi zina zomwe ulemu ukundiletsa kutchula. Mvula yayandikira. Mwana wanga Eunice, wa zaka zinayi, lero ndi tsiku lachisanu akutsegula m'mimba.

Sindikupempha makaniko ayi. Ndikudziwa kuti kwa pampu yathanzi satumizako munthu. Pempho langa n'laling'ono. Mundilole ndimatule kachipangizo kaja, pakuti pa pampu ntchito yake inatha, ndidzakamate pa mphumi pa Eunice. Iyeyu akutentha, akunjenjemeranso. Mwina akafika pa mzere wofiira, mutitumizira munthu.

Ine wanu wosadziwa zambiri,
Hopeson Namakhwa
Kumalayini a kumunsi, kwa Nchilamwela